Dzuwa la Zomba limadutsa kuti? Za nyengo, mvula ndi panelo ya sola

Mayi wa ku Chinamwali:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi mafunso awiri. Loyamba ndi la ana a Fomu 1: n'chifukwa chiyani kuno kumazizira mu Juni pamene ku Ulaya akuti ndiyo nthawi yotentha? Lachiwiri ndi la panelo ya sola. Ena akuti iyang'ane kumpoto, ena akuti kum'mawa kuti izilandira dzuwa likangotuluka, ena akuti ingogona chagada pamalata basi. Aphunzitsi ndi amisiri, tithandizeni.

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Zikomo amayi. Mafunso awiriwa ndi apachibale, ndipo onse akuyankhidwa ndi malo amene Zomba ili padziko lapansi. Pakati pa dziko timayerekeza kuti pali mzere wolizungulira ngati lamba, ndiye ikweta. Kutalika kwa malo kuchoka pa ikweta kupita kumpoto kapena kumwera timakuyeza m'madigiri, ndiyo latitude. Zomba ili pa madigiri 15.4 kumwera kwa ikweta. Digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111, ndiye kuti kuchoka kuno kukafika pa ikweta ndi makilomita ngati 1,700. Malawi yense wagona pakati pa madigiri 9 ndi 17 kumwera. Muyeso wachiwiri ndi longitude, umene umayambira pa mzere wodutsa ku Greenwich mu London. Pamenepo Zomba ili pa madigiri 35.3 kum'mawa.

Tsono dziko limapota ngati nguli, kamodzi pa maola 24, kwinaku likuzungulira dzuwa kamodzi pachaka. Koma nguli imeneyi siimirira chilili, inapendekeka ndi madigiri 23.5, ndipo imaloza mbali imodzimodzi chaka chonse. Mu Disembala theka lathu la kumwera ndilo laweramira ku dzuwa, kuwala kumatigwera molunjika ndipo usana umatalika, kuno umafika maola 13. Mu Juni laweramira ku dzuwa ndi theka la kumpoto, kumene kuli Ulaya. Ife kuwala kumatifika chammbali, usana nkutsika kufika maola 11 ndi mphindi zochepa.

Mnyamata wa ku Mpondabwino:
Aphunzitsi, si kuti mu Juni dziko limakhala litatalikira dzuwa? Ambiri timadziwa choncho.

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Limatalikiradi achimwene, koma chozizitsa si chimenecho. Kumayambiriro kwa Januwale dziko limakhala makilomita 147 miliyoni kuchoka ku dzuwa, kumayambiriro kwa Julayi 152 miliyoni. Ukanakhala mtunda, dziko lonse bwenzi likuzizira nthawi imodzi, koma Julayi yemweyo ku London ndi ku Cairo amakhala ali thukuta kamukamu. Ana aonetseni ndi tochi usiku. Walitsani pansi molunjika, muona kabwalo kakang'ono kowala kwambiri. Pendeketsani tochiyo osaitalikitsa, kuwala komweko kumwazika pamalo aakulu nkufooka. Juni wathu ndi tochi yopendekekayo.

Ndiwonjezere kanthu ka longitude, poti n'kothandiza kwa amisiri. Dziko limatembenuka madigiri 15 pa ola, ndiye digiri imodzi ndi mphindi 4. Wotchi ya Malawi inatengera madigiri 30 kum'mawa, koma ife tili pa 35.3, choncho dzuwa limafika pakati pa ulendo wake nthawi isanakwane 12 koloko, mwapakatikati cha m'ma 11:40. Kumayambiriro kwa Novembala limafika cha m'ma 11:25, pakati pa Febuluwale cha m'ma 11:55. Ndipo amene mumatumizirana malo pafoni, samalani kachizindikiro kochotsera. Zomba ndi -15.4, 35.3. Mukasiya kamzere kaja mwamutumiza munthu ku Sudan.

Mmisiri wa sola, Matawale:
Aphunzitsi mwandipalira njira. Amayi, panelo iyang'ane kumpoto, ndipo chifukwa chake nachi. Dzuwa limaima paliwombo penipeni pa Zomba kawiri pachaka, sabata yoyamba ya Novembala ndi sabata yoyamba ya Febuluwale. Pakati pa masiku awiriwa, miyezi itatu yokha, masana limakhala kumwera, komanso pang'ono chabe, madigiri 8 basi pa 21 Disembala. Miyezi 9 yotsalayo limadutsa kumpoto, ndipo pa 21 Juni limakhala latsika madigiri 39 kuchoka paliwombo. Ndiye panelo yoyang'ana kumwera mu Juni imalandira dzuwa chammbali ngati tochi ija.

Cholakwika chofala n'chakuti munthu akuika panelo pa Khirisimasi, ayang'ana kumwamba masana, aona dzuwa lapendekera kumwera, nkulozetsa panelo komweko. Ikafika Meyi batire layamba kufa 8 koloko usiku, iye nkumati anamugulitsa panelo yabodza.

Kupeza kumpoto kwenikweni sikufuna kampasi, ndipo ya pafoni imasokonezeka pafupi ndi malata ndi zitsulo. Zikani ndodo yowongoka ya mita imodzi pabwalo losalala. Kuyambira 10:30 mpaka 1 koloko, ikani kamwala pansonga ya mthunzi mphindi 15 zilizonse. Pamene mthunzi wafupikitsitsa, mzere wochoka pandodo kufika pakamwalako ndiwo mzere wa kumpoto ndi kumwera. Kuyambira Malichi mpaka Okutobala mthunziwo umaloza kumwera, ndiye panelo iyang'ane mbali inayo. Musayese zimenezi kumayambiriro kwa Novembala kapena Febuluwale, mthunzi umathera pansi pa ndodo pomwepo.

Kupendeka kwake kukhale madigiri 15, kufanana ndi latitude yathu. Opanda choyezera: pa mita imodzi iliyonse ya kutalika kwa panelo, mbali ya kumwera ikwere masentimita 26 kuposa ya kumpoto.

Wa zamagetsi, Sadzi:
Pa 15 paja ndikutsutsani pang'ono achimwene. Imeneyo ndi ya munthu amene akufuna magetsi ochuluka powerengera chaka chonse. Koma nyumba yodalira batire siivutika mu Okutobala, imavutika mu Juni ndi Julayi, usana waufupi, chiperoni chili tolo. Ine ndinganene madigiri 20 mpaka 25, kuti mukolole dzuwa la chisanu.

Mmisiri wa sola, Matawale:
Mfundo yanu ndi yomveka bambo, koma musaiwale Januwale ndi Febuluwale. Kuno ku Zomba miyezi imeneyo mitambo imatha kukuta sabata yathunthu, ndipo dzuwa limakhala pamwamba kapena kumwera. Mukaimiritsa kwambiri mwapulumutsa Juni nkupha Januwale. Tigwirizane pa 15 mpaka 20. Kusiyana kwa pakati pamenepa n'kochepa kuyerekeza ndi zimene fumbi ndi mthunzi zimaba. Chokhacho ndikukana ndi kugoneka chagada. Pansi pa madigiri 10 madzi amvula satsetsereka bwino, matope amauma m'mphepete mwa galasi nkuphimba mzere wapansi, ndipo timagawo ta panelo tinalumikizana ngati unyolo, kamodzi kakaphimbika anzake onse a mzerewo amatsika nako. Nthambi imodzi ya mango kapena mthunzi wa dishi ya TV zimachita chimodzimodzi. Amene muli m'munsi mwa phiri muyang'anenso nthawi imene dzuwa limabisala mu Juni, poti limalowera kumpoto chakumadzulo ndipo phiri limalimeza msanga.

Mlangizi wa zaulimi, Jali:
Aphunzitsi, ana akufunsani ili: ngati Disembala ndiye wa usana wautali, bwanji kutentha koopsa kumakhala mu Okutobala ndi Novembala? Ndiyankhe ndekha mundikonze. Mu Okutobala dzuwa layandikira paliwombo, kumwamba kulibe mtambo, nthaka ndi youma gwaa, ndiye mphamvu yonse ya dzuwa ikuthera kutenthetsa dothi ndi mpweya. Mvula ikayamba, mitambo imabweza kuwala kwina, kotsalako nkumathera kuumitsa chinyezi. N'chifukwa chake nyengo zinayi za m'mabuku a ku Ulaya sizitikwana. Zathu zimatsata mvula: dzinja kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, masika pokolola, chisanu kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chilimwe kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa.

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Palibe chokonza alangizi. Ndingowonjeza gwero la mvulayo. Kumene dzuwa laima paliwombo mpweya umatentha nkukwera, ndipo mphepo zochoka kumpoto ndi kumwera zimathamangira pamenepo nkukumana. Mpweya wachinyezi ukakwera umazizira, nthunzi nkusanduka mitambo. Lamba wa mvula ameneyu m'mabuku amamutcha ITCZ, ndipo amatsata dzuwa m'mbuyo mochedwerako. Amatsikira kwa ife cha mu Novembala ndi Disembala, nkubwerera kumpoto cha mu Malichi ndi Epulo. Mpweya wina wachinyezi umachokera ku nkhalango za ku Congo. Poti lambayu pobwerera amadzera kumpoto, ku Karonga ndi ku Nkhata Bay mvula imapitirira pamene kuno tayamba kale kukolola.

Agogo a ku Kachulu:
Ana anga, zonsezi zimamvekanso ndi mphepo. Mpoto ukayamba kuomba ndi chifundizi, mvula ili pafupi. Mwera ndi wa chisanu, umachokera kumwera chakum'mawa, ndipo ukalimba bwato silichoka padooko kupita ku chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa. Mvula yoyamba ija yozimitsa moto wa kutchire ndi chizimalupsa, si yobzalira. Wobzala nayo mbewu imamera nkupserera.

Mlangizi wa zaulimi, Jali:
Zoona agogo. Ndipo poyesa ngati yafika yobzalira, musadalire maso. Tengani chitini chowongoka m'mbali, pakamwa ndi pansi pofanana kukula, muchiike pamtengo wa mita imodzi kutali ndi denga ndi mitengo. M'mawa uliwonse nthawi imodzimodzi viikani rula, lembani mamilimita, khuthulani. Ndowa yotambasuka pakamwa imanamiza, imaonetsa mvula yambiri. Yobzalira ikhale mamilimita 25 mpaka 30 m'masiku awiri kapena atatu, ndipo mukakumba ndi khasu chinyezi chipezeke chalowa kupitirira chikhatho, osati pamwamba pokha. Mverani ndi ulosi wa nthambi yoona zanyengo, ngati akuti kutsogolo kuli ng'amba ya masabata awiri, dikirani.

Milimita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi ndi lita imodzi ya madzi. Denga la mamita 10 kwa 5 likalandira mamilimita 20, pamenepo padutsa malita 1,000, migolo isanu ya malita 200. Amene muli ndi dimba ganizirani zimenezo.

Mayi wa ku Chinamwali:
Nanga chiperoni chimachokera kuti, poti mwati mvula imatsata dzuwa koma icho chimabwera mu Juni dzuwa lili kutali? Komanso bwanji pa Ku Chawe, paphiri la Zomba, pamazizira chonchija pamene ku Kachulu anthu ali thukuta, boma lake limodzi lomweli?

Mphunzitsi wa ku Domasi:
Chiperoni ndi mwana wa mwera. Mphepo yozizira yochoka ku nyanja ya mchere ya India imadutsa Mozambique itanyamula chinyezi, ikagunda mapiri a Mulanje, Thyolo ndi Zomba imakakamizika kukwera, nkuzizira, nkusanduka nkhungu ndi mvula yamawawa. Dzinalo linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mitamboyo imatulukira. Mvula imeneyi ilibe mabingu chifukwa sikutentha kumene kwaikweza, ndi phiri.

Funso lachiwirilo ndi la kukwera kwa malo. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika pafupifupi madigiri 6.5. Nyanja ya Chilwa ili pa mamita 600 ndi pang'ono kuchoka pa nyanja yamchere, tauni ya Zomba ili cha m'ma 900, nsonga ya Malumbe paphiri yapitirira 2,000. Ndiye kuchoka ku Kachulu kukafika pansonga kutentha kumasiyana ndi madigiri ngati 9 tsiku lomwelo, ola lomwelo. N'chifukwa chake paphiri pamachita sitiroberi ndi mitengo ya paini, kuchigwa mpunga. Latitude yokha siuza munthu nyengo ya malo. Muwerengenso kukwera kwake, kutalikira kwake ku nyanja yamchere, ndi mbali ya phiri imene wakhala.

Mawu oti nyengo amatisokonezanso m'kalasi, poti ife timawagwiritsa pa zinthu zitatu. Pali nyengo ya lero, kwacha bwanji. Pali nyengo ya pachaka, dzinja kapena chilimwe. Ndiye pali nyengo yokhazikika ya dera, imene akatswiri amaipeza powerengera zaka 30. Chaka chimodzi cha chilala sichitanthauza kuti yachitatuyo yasintha. Chilwa, poti ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulukamo, inaphwapo mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inauma. Madzi amalowa kudzera mu Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi ina, nkutuluka ngati nthunzi basi, ndiye zaka ziwiri kapena zitatu za mvula yochepa zimaonekera pompo. Chimene timayang'ana pa kusintha kwa nyengo ndi kuti zoterezi zikubwera pafupipafupi bwanji, komanso kutentha kwa zaka makumi angapo kukulowera kuti.

Mlangizi wa zaulimi, Jali:
Pa chilala tiikepo El Niño. Ndi kutentha kwa madzi a pamwamba m'nyanja ya Pacific, kutali kwambiri ndi kuno, koma kumasuntha kayendedwe ka mphepo, ndipo kumwera kwa Africa nthawi zambiri mvula imachepa. Ndi zimene zinachitika mu 2015/16 ndi mu 2023/24, pamene mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Akalengeza El Niño, ku chigwa cha Chilwa kuno mbewu ikhale yocha msanga, mizere ikhale ndi ngonyeka zosunga madzi, ndipo chinangwa, mbatata ndi nandolo zisasowe m'munda.

Wa zamagetsi, Sadzi:
Zonsezi zimathera mu waya wa magetsi. Magetsi ambiri a dziko lino EGENCO imapangira pa mtsinje umodzi wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ESCOM nkumagawa. Pa Wovwe ku Karonga pali kasiteshoni kakang'ono chabe. Shire imachoka m'nyanja ya Malawi, imene ili pa mamita ngati 474, ndipo ikadutsa Matope imagwa m'mathithi motsatizana, ndipo kugwa kumeneko ndiko kumapota makina. Baraji ya Kamuzu pa Liwonde, ya mu 1965, ndiyo mpopi wake. Mvula ikachepa zaka zotsatizana nyanja imatsika, monga mu 2016 ndi 2017 pamene kuzimazima kunafika poipa. Ikachuluka mopyola vuto ndi lina: namondwe Ana mu Januwale 2022 anaononga damu la Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 nkuchoka nthawi imodzi, ndipo panatha chaka ndi miyezi asanabwerere. Pakati pa ziwirizi pali matope ochoka m'minda yolimidwa mpaka m'gombe, ndi namasupuni wotseka posefera madzi. Sola ya ku Salima ya mamegawati 60 ya mu 2021 ndi ya ku Golomoti ya 20 yokhala ndi mabatire zikuthandiza chifukwa dzuwa limakhala lambiri mu Seputembala ndi Okutobala, nthawi yomwe madzi achepa.

Amene mukuganiza za kamtsinje kotsika m'phiri, masamu ake ndi awa: malita pa sekondi, kuchulukitsa ndi mamita amene madzi akugwa, kuchulukitsanso ndi 5, mupeza mawati enieni mutachotsa zotayika. Malita 10 pa sekondi akugwa mamita 20 ndi mawati 1,000, usana ndi usiku. Poyeza, tsekerani madzi onse adutse papaipi imodzi, muwerenge masekondi odzazira ndowa ya malita 20. Muyeze mu Okutobala, osati mu Febuluwale, apo ayi mugula makina a mtsinje umene kulibe miyezi isanu pachaka. Madzi ndi a anthu onse, chilolezo chimafunika musanapatutse.

Mnyamata wa ku Mpondabwino:
Nanga makina a mphepo, ngati aja a William Kamkwamba ku Kasungu? Mwera uja sungayatse nyumba?

Wa zamagetsi, Sadzi:
Ungayatse, koma pamalo ake. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza ka 8, likatsika ndi theka mphamvu imatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Pakati pa nyumba ndi mitengo ya m'tauni mphepo imafika yofooka ndi yozungulirazungulira. Pamafunika pamtetete kapena pamsana pa chitunda, ndi mlongoti wopitirira mitengo yonse yapafupi. Kwa nyumba ya ku Mpondabwino ndalama yomweyo ikupatsani magetsi ambiri pa panelo.

Mayi wa ku Chinamwali:
Ndamva tsopano. Amisiri, tsirizani ndi kukula kwake. Mababu anayi, TV ndi mafoni atatu.

Mmisiri wa sola, Matawale:
Tiwerenge amayi, mawati kuchulukitsa ndi maola. Mababu 4 a mawati 5 kwa maola 5 ndi 100. TV ya mawati 40 kwa maola 4 ndi 160. Mafoni 3, iliyonse 10, ndi 30. Zonse 290 patsiku, tinene 300. Onjezani gawo limodzi mwa atatu la zotayika mu waya, batire ndi inveta (yosandutsa moto wa batire kukhala ngati wa ESCOM), zikhala 400. Gawani ndi maola 4 a dzuwa lamphamvu, amene ndi a mwezi woipa, osati a Okutobala. Panelo ndi ya mawati 100. Ngati thumba likulola tengani 150, muzayamika sabata ya chiperoni.

Batire: mukufuna masiku awiri opanda dzuwa, 600, kugawa ndi mavoti 12 ndi 50Ah (Ah ndi muyeso wa kukula kwa batire). Koma batire la asidi kapena la gel silifuna kutsika kupyola theka, ndiye mugule la 100Ah, la deep cycle, lopangidwira kutsika ndi kudzaza tsiku ndi tsiku. La galimoto linapangidwira kulizira injini kamphindi, mukamalitsitsa usiku uliwonse silimaliza chaka. La lithium ndi lodula koma limalola kutsika kwambiri ndipo limakhalitsa. Batire la asidi lopuma likamaonetsa mavoti 12.7 ladzaza, 12.1 lafika theka, zimitsani. Likakhala masiku lili lotsika, mkati mumamera zoyera zouma ndipo silidzalandiranso moto bwino.

Kontrola, kachipangizo koongolera moto wolowa m'batire, ya 10A ikwana panelo ya 100, ya 150 tengani ya 20A. Polumikiza yambani batire ku kontrola, kenako panelo, pomaliza mababu. Pomasula yambani kuchotsa panelo. Mukayamba ndi panelo, kontrola ina imasokonezeka mavoti kapena kupsa kumene. Fyuzi ikhale pa waya wa + pafupi ndi batire penipeni. Inveta ilumikizidwe ku batire, osati pa kontrola. Waya wochoka padenga akhale wa 4mm ndipo asapitirire mamita 5 kapena 6, poti pa mavoti 12 waya woonda ngati wa wailesi amadya moto nkumatentha.

Siyani mpata wa masentimita 10 pakati pa panelo ndi malata. Mawati olembedwa kumbuyo aja anayezedwa kutentha kwa panelo kuli madigiri 25, ndipo digiri iliyonse yopitirira imachotsa pafupifupi 0.4 pa 100. Mu Okutobala panelo yomatirira malata imafika 60, mawati 14 pa 100 apita. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula, fumbi ndi phulusa la lupsa zimachuluka, pukutani sabata iliyonse ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa, m'mamawa galasi lisanatenthe.

Mayi wa ku Chinamwali:
Denga lathu mbali imodzi yayang'ana kum'mawa, ina kumadzulo. Ndiye kumpotoko titani?

Mmisiri wa sola, Matawale:
Amisiri akuwotcherereni kafelemu ka ayironi kokweza mbali ya kumwera, amange pa mitanda ya denga ndi mabawuti, osati pa lata lokha, mphepo ya Okutobala ingazule. Zikavuta, ndipo dengalo ndi losapendeka kwambiri, ikani mbali ya kum'mawa. M'dzinja kuno kumacha kowala, mitambo nkuunjikana masana, ndiye dzuwa la m'mawa ndilo lodalirika, ndipo panelo imakhala isanatenthe. Mukatero tengani ya 150 ija, ya 100 ichepa.